Kwa mayi amene mwana wawo waitanidwa ku Kumasi

Ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Blantyre amene sanafune kutchulidwa dzina. Iwo anakulira mu CCAP ndipo akadali komweko. Mwana wawo wamwamuna wa zaka 20 analowa Mpingo wa Yesu Khristu wa Oyera Mtima a M'masiku Otsiriza, uja ambirife timangouti wa a Mormon, ndipo tsopano walandira kalata yoti akatumikire ngati mmishonale ku Kumasi, m'dziko la Ghana, kwa zaka ziwiri. Mayiwa akufunsa ngati imeneyi ndi ntchito yolipidwa, ngati si zofanana ndi zija zinaonekera atsikana athu amene anatengedwa kupita ku Oman, ndi mmene mwanayo azikakhalira tsiku ndi tsiku. Funso lawo lomaliza, lomwe ndikuona kuti ndi limene likuwasowetsa tulo, ndi lakuti: kodi mwanayu akukhulupiriradi, kapena angomudzaza mawu m'mutu?

Mayi, ine si wa mpingo umenewu, ndipo pa ziphunzitso zingapo ine ndi iwo sitimwera chikho chimodzi. Koma ndacheza nawo achinyamata ena amene anapita n'kubwerako, ndiye ndikuyankhani monga ndikudziwira.

Za malipiro, chotsanitu m'maganizo. Mmishonale wa mpingowu salandira salale. Ndalama zimachokera kwa iye mwini, kwa makolo ake kapena kwa akhristu anzake a kwawo. Ku America, kwa zaka zambiri banja linkapereka madola 400 pamwezi, ndipo ndalamazo zimalowa m'thumba limodzi kuti wopita ku Tokyo, kumene zinthu n'zodula, ndi wopita kumudzi ku Ghana azisonkha mofanana. Achinyamata ochokera m'mabanja osapeza bwino amapereka zimene angakwanitse, zotsalazo mpingo umakwaniritsa. Tikiti ya ndege ndi lendi zili m'manja mwa mpingo, ndipo mwezi ndi mwezi amapatsidwa kandalama ka chakudya, sopo ndi mayendedwe. Kotsala koti atumize kunyumba kulibe. Ngati mumayembekeza kuti chaka chino mwanayu ayamba kukuthandizani fizi ya azibale ake, ndiye kuti zaka ziwirizi mwaluza ndithu, ndipo musalole wina akuuzeni kuti kudandaula nazo ndi kusowa chikhulupiriro.

Koma si za ku Oman zija. Mishoni iliyonse ili ndi ofesi yodziwika ndi pulezidenti wake, amene nthawi zambiri ndi bambo wachikulire wotumikira zaka zitatu pamodzi ndi mkazi wake. Pitani kwa bishopu kapena pulezidenti wa nthambi imene mwana wanu amapemphera, mukaone kalatayo ndi maso anu, mutenge nambala ya ofesi ya ku Kumasi. Ndinu kholo, palibe chifukwa chochitira manyazi. Wina akabwera pambali n'kumati mupereke ndalama yofulumizitsira viza, mudziwe kuti ameneyo ndi wakuba.

Malo sanasankhe yekha. Wofuna kupita amalemba mafomu, amayezedwa m'thupi ndi mano, amafunsidwa mafunso ndi atsogoleri ake, kenako mapepala amapita ku likulu la mpingo ku Salt Lake City, ku America. Kumeneko mmodzi wa atumwi awo khumi ndi awiri ndiye amanena kumene aliyense apite, ndipo a mpingowu amakhulupirira kuti kusankhako kumachitika mwa kuuziridwa. Anyamata amatumikira miyezi 24, atsikana miyezi 18. Mu 2012 mtsogoleri wawo wa nthawiyo, Thomas S. Monson, anatsitsa zaka zoyambira: anyamata kuchoka pa 19 kufika pa 18, atsikana kuchoka pa 21 kufika pa 19. M'zaka ziwiri zokha chiwerengero cha amishonale chinakwera kuchoka pa pafupifupi 58,000 kufika popitirira 80,000. N'chifukwa chake amene mumawaona m'misewu atavala malaya oyera ndi kabaji kakuda pachifuwa amaoneka ana chonchija. Ambiri angochoka kumene ku sekondale.

Asanayambe ntchito adzakhala milungu yochepa pa sukulu yophunzitsira amishonale. Ku Ghana ilipo ku Accra, pafupi ndi kachisi wawo amene anapatulidwa mu 2004. Akachoka apo, dzina lake loyamba lija sadzalimvanso kawirikawiri, aliyense azimutchula Elder ndi dzina la bambo ake.

Tsiku lake lidzakhala lolembedweratu kuyambira m'mawa mpaka usiku. Mwachizolowezi amadzuka 6:30 m'mawa n'kugona 10:30 usiku, ngakhale kuyambira 2017 mishoni iliyonse inaloledwa kusuntha maolawa molingana ndi dziko, ndipo m'madera a mu Africa amatha kulawirira kuti abwerere mdima usanakule. Akadzuka ndi pemphero, masewera olimbitsa thupi kwa theka la ola, kusamba, kadzutsa, kenako kuwerenga malemba payekha, kuwerenganso ndi mnzake, ndi kukonza ndondomeko ya anthu oti awayendere. Kenako ulendo. Ku Kumasi aziyenda pansi kwambiri, kwina pa trotro, ma minibasi a kumeneko. Aziphunzitsa m'Chingerezi, koma Kumasi ndi kwa Aashanti, ndipo munthu wosatha kupereka moni m'chi Twi sapita patali pa khonde la munthu kapena mu msika waukulu wa Kejetia.

Chakudya sichidzamuvuta nthawi yaitali. Kuli banku, yopangidwa ndi ufa wa chimanga wosasitsa, yowawasa pang'ono koma mwana wa nsima amaizolowera msanga. Kuli fufu, chinangwa ndi nthochi zosinja mumtondo mpaka kunanda, yomwe amameza osatafuna, ndi msuzi wa tsabola wambiri. Malungo aliko ngati kuno, ndiye neti ndi mankhwala oteteza asazinyozere poti ndi wa ku Malawi. Kuyambira Disembala mpaka Febuluwale kumawomba mphepo youma yochokera ku chipululu cha Sahara yotchedwa harmattan, milomo imang'ambika, fumbi limalowa paliponse. Ganizirani malaya oyera m'nyengo imeneyo. Lolemba, lomwe ndi tsiku lawo lokonzekera, mudzamupeza atawerama pa beseni akupukusa kolala ndi burashi, kenako kusesa m'nyumba, kupita kumsika ndi kumeta tsitsi, zonsezi zithe dzuwa lisanalowe chifukwa madzulo ake ntchito imayambiranso.

Chimene chimawalemera kwambiri, malinga ndi onse amene ndinacheza nawo, si njala kapena kutentha ayi. Ndi kusakhalapo wekha. Mmishonale amapatsidwa mnzake woyenda naye, ndipo lamulo ndi lakuti azionana ndi kumvana nthawi zonse kupatula kubafa ndi kuchimbudzi. Amagona chipinda chimodzi, amadya limodzi, amayenda limodzi, ngati ng'ombe ziwiri pagoli limodzi. Mnzakeyo sasankha. Akhoza kukhala mnyamata wa ku Idaho, ku America, amene sanachapepo ndi manja chibadwire, wa ku Nigeria wolankhula mokweza, kapena wa ku Tonga. Milungu isanu ndi umodzi iliyonse pamakhala kusamutsana, ndipo ena amasinthidwa mnzawo kapena dera, ena amatsala momwemo miyezi ingapo. Mukagwirizana, mumasanduka pachibale mpaka kukalamba. Mukapanda kugwirizana, palibe kothawira: yemwe mwakangana naye m'mawa za mbale zosatsuka ndi yemweyo mukagwade naye m'nyumba ya munthu masana n'kumaphunzitsa za chikondi cha Khristu. Mwana wanu ngati ali wamtima wapachala, apa ndi pamene adzaphunzire kuugwira.

Malamulo ena ndi awa: chibwenzi ayi, ndipo mtsikana amangomupatsa moni wa dzanja basi. Kusambira ayi, wailesi ya kanema ndi mafilimu ayi, nyimbo ndi zokhazo zauzimu. Mowa, fodya, khofi ndi tiyi wa masamba n'zoletsedwa kwa membala aliyense, kutsatira lamulo la thanzi limene Joseph Smith, woyambitsa mpingowu, anapereka mu 1833. Mwina munadabwa kale kuti mwana amene anakulira tiyi wa ku Thyolo bwanji masiku ano akumapempha koko kapena madzi otentha a mandimu.

Ntchito yeniyeniyo ndi yogwetsa ulesi kuposa mmene amayembekezera. Ku Ghana anthu ndi opemphera kale, matchalitchi ali pa ngodya iliyonse, ndipo munthu sakukaniza mwamwano. Amakupatsa mpando, amamvetsera, amati mubwerenso Lachinayi. Lachinayi mupeza chitseko chokhoma ndi foni yozima. Masiku ambiri amatha chonchi. Pakutha pa sabata amapereka malipoti a anthu angati aphunzitsidwa, angati anabwera kutchalitchi, angati akonzekera ubatizo. Apa ndiye pamene ine ndimakayikira, chifukwa mnyamata wa zaka 20 akamafunsidwa manambala sabata ndi sabata, n'kosavuta kuyamba kuona anthu ngati manambala, kapena kudziona wolephera pamaso pa Mulungu chifukwa mwezi watha wopanda wobatizidwa. Atsogoleri abwino amadziwa kuziziritsa zimenezi. Si onse amene ali abwino chomwecho.

Tsopano za chikhulupirirocho. Mwana wanu azikaphunzitsa kuti mu 1820 mnyamata wa zaka 14, Joseph Smith, akupemphera m'nkhalango pafupi ndi Palmyra ku New York, anaona Mulungu Atate ndi Yesu Khristu; kuti mpingo woona unatayika atumwi atamwalira ndipo unabwezeretsedwa kudzera mwa iye; kuti Buku la Mormon, losindikizidwa mu 1830, chaka chomwe mpingowu unakhazikitsidwa, ndi malemba oyera pambali pa Baibulo; ndi kuti lero kuli mneneri wamoyo. Amaphunzitsanso kuti Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera ndi atatu osiyana, ogwirizana pa cholinga, osati monga mmene inu munaphunzirira ku kalasi. Kusiyana kumeneku si kwakung'ono, ndipo ndi chifukwa chake Akatolika mu 2001 ananena kuti savomereza ubatizo wa mpingowu. Njira yawo si yotsutsana nawe mavesi. Amakupatsa bukulo, amati uwerenge, upemphere, ufunse Mulungu ngati lili loona, ndipo yankho ulimva mumtima. Lamulungu loyamba la mwezi amasala chakudya n'kumaimirira mmodzimmodzi kupereka umboni, ambiri kuyamba ndi mawu akuti "ndikudziwa".

Kodi ndiye wadzazidwa mawu? Ndinganene kuti munthu amene akunena chinthu chimodzi tsiku lililonse kwa zaka ziwiri, atazunguliridwa ndi okhulupirira okhaokha, chinthucho chimamulowerera, ndipo ndondomeko yonseyi imathandiza kuti zitero. Ndimaona kuti mishoni imatembenuza mmishonale mwiniwake kuposa anthu amene akuwalalikira. Koma sindinganene kuti ndi chinyengo. Mnyamata amene wakanidwa tsiku lonse, mapazi atatupa, n'kugwadabe usiku kupempherera munthu amene anamuthawa, sakuchita sewero. Ena amakayika ali komweko n'kumalimbana nazo mwakachetechete. Ena amabwerako olimba kwambiri, ena amadzasiya mpingo patapita zaka. Zonsezi zimachitika, monga zimachitikiranso m'mipingo yathu.

Pali mbiri imodzi imene mwana wakuda aliyense wolowa mpingowu ayenera kuidziwa, ndipo mungathe kumufunsa mofatsa ngati anauzidwa. Mpaka Juni 1978 amuna akuda sankaloledwa kulandira unsembe, ndipo akuda onse, amuna ndi akazi, sankaloledwa pa miyambo ikuluikulu ya m'kachisi. Lamuloli linachotsedwa pa nthawi ya mtsogoleri wawo Spencer W. Kimball, ndipo mu 2013 mpingo unalemba poyera kuti ukukana maganizo akale akuti khungu lakuda ndi temberero. Chodabwitsa n'chakuti ku Ghana komweko anthu anali atayamba kale okha. Joseph William Billy Johnson anawerenga Buku la Mormon mu 1964 n'kuyamba kusonkhanitsa magulu a okhulupirira, amene anadikira zaka 14 opanda wowabatiza mpaka amishonale anafika kumapeto kwa 1978. Mu 1989 boma la Jerry Rawlings linaletsa ntchito za mpingowu ndi kuthamangitsa amishonale akunja, ndipo mamembala ankapemphera m'nyumba zawo mpaka chiletsocho chinachotsedwa kumapeto kwa 1990. Mwana wanu akapeza agogo amene anaziona zimenezi ndi maso. Za mitala zija mwina munamva, mpingowu unalengeza zozisiya mu 1890.

Mwayi wanu ndi wakuti akupita nthawi yabwino. Kale mmishonale ankaimba foni kwawo kawiri kokha pachaka, pa Khirisimasi ndi pa tsiku la amayi, masiku ena onse makalata basi. Kuyambira Febuluwale 2019 amaloledwa kulankhula ndi makolo sabata iliyonse pa tsiku lokonzekera lija, pa foni kapena pa vidiyo, koma woyamba kuimba ndi iyeyo. Ghana ili m'mbuyo ndi maola awiri poyerekeza ndi kuno, ndiye Lolemba masana bandulo izikhalamo. Nthawi imeneyo musaiwononge ndi kukangana za Joseph Smith. Za ziphunzitso mudzakambirana akadzabwera, mutakhala pansi. Muzimufunsa ngati akugona bwino, ngati akudya, ndi mmene akukhalira ndi mnzake. Mukamva mawu ake akuzilala milungu ingapo motsatizana, imbani ku ofesi ija. Alipo amene amabwezedwa nthawi isanakwane chifukwa cha matenda kapena kuvutika maganizo, ndipo chimene amaopa kwambiri ndi maso a anthu akamatsika ndege. Muuzeni asananyamuke kuti akabwera msanga pakhomo mpake ndithu.

Za katundu, mpingo umapereka mndandanda wake. Inu ngati muli ndi kangachepe koti mumugulire, ikani pa nsapato: mapeyala awiri akuda, a soli yokhuthala yosokeka, osati zonyezimira za pa ukwati zija.