Ntchito yatha muli mu IVA: ndalama za redundancy ndi za ndani?

Mayi wina wa ku Leeds watilembera kuti kuntchito kwawo akuchepetsa anthu ndipo apatsidwa £14,000, koma ali m'chaka chachitatu cha IVA, pangano lija lobweza ngongole mwezi ndi mwezi kwa zaka 5 kapena 6. Akufunsa ngati ndalamazo zilandidwa zonse, komanso ngati angazilandirire ku akaunti yawo yakale.

Mayi, sizipita zonse ayi. Mapangano ambiri a ku England amatsata IVA Protocol, yomwe imakulolani kusunga ndalama zofanana ndi malipiro anu a miyezi 6, atachotsa kale msonkho. Ngati mumalandira £1,800 pamwezi, zanu ndi £10,800, ndipo £3,200 yotsalayo mupereka kwa supervisor, yemwe amayang'anira IVA yanu, pasanathe masiku 14 chilandirireni. Muwadziwitsenso pasanathe masiku 14 kalata yakuchotsani ntchito ikangofika. Werengani pangano lanu lenileni, poti ena amalemba mosiyana.

Pomwe ambiri amagwa mphwayi ndi apa: £10,800 ija si mphatso. Ndi yoti mudyere, mulipire lendi, ndi kupitiriza kupereka za IVA pamene mukusaka ntchito. Mukaipeza msanga, zotsalazo angazifunenso. Miyezi ikatha ntchito osaoneka, pemphani kuti mupumire kaye kulipira, musangokhala phee. Dziwaninso kuti ndalama zosunga zikaposa £6,000, Universal Credit, thandizo la ndalama lochokera ku boma, imachepa. Zikaposa £16,000 simulandira n'komwe.

Za akaunti, funso ndi limodzi: kodi banki imeneyo muli nayo ngongole? Ngati overdraft kapena khadi yake ili mu IVA, musalole ndalamazo zilowe kumeneko. Banki ikhoza kutseka akauntiyo kapena kuyesa kudzilipira yokha, ndipo pofika poti mkanganowo uthe, lendi yapitirira. Samalani ndi mabanki a pachibale: Halifax, Lloyds ndi Bank of Scotland ndi nyumba imodzi, NatWest ndi RBS chimodzimodzi, HSBC ndi First Direct nawonso. Tsegulani basic bank account kwina, ilibe overdraft ndipo salipiritsa, kenako perekani nambala yatsopanoyo ku payroll tsiku lolipira lisanafike.

Tikudziwa kuti mtima ungathamangire kutumiza ndalamazo kumudzi kukamalizitsa nyumba, kapena kuzisungitsa kwa mchemwali wanu. Musatero. Supervisor amaitanitsa ma statement, ma payslip ndi P45 (chikalata cha msonkho chomwe mumalandira posiya ntchito), ndipo akaona kuti mwabisa, IVA ikhoza kugwa, omwe anakukongozani n'kukubwereraninso ndi chiwongoladzanja, mwinanso mpaka bankruptcy, kulengezedwa mwalamulo kuti mwalephera kubweza ngongole. Zaka zitatu mwavutikazi zingapite pachabe.

Ngati wachibale angawonjezerepo ndalama, funsani za kutseka IVA polipira ndalama kamodzi n'kamodzi. Zimafuna kuti okukongozani a 75% ya ngongole, mwa omwe avota, avomere. Mabungwe a StepChange ndi National Debtline amalangiza zimenezi kwaulere, ndiye aimbireni musanasainire chilichonse kuntchito.