Axio kapena Premio kuno ku Mangochi

Achimwene, mwafunsa kuti pakati pa Toyota Axio ndi Premio mugule iti, poti muli ndi ana atatu, mumakhala pa boma koma mumapitapita kumudzi ku Namwera. Ine ndinena mosapsatira: ngati Premio mwaionayo ndi ya injini ya 1.5, tengani Axio.

Galimoto ziwirizi zikakhala za 1.5 nthawi zambiri injini yake imakhala imodzi, yotchedwa 1NZ-FE. Koma Premio ndi yaikulu komanso yolemerako, ndiye injini yomweyo imakoka thupi lolemera. Mumsewu wa ku Liwonde kapena wa ku Monkey Bay simungazindikire, chifukwa ndi pathyathyathya. Muwoloke mlatho wa Bakili Muluzi muyambe chikweza cha Chowe, m'kati muli anthu asanu, kubuti kuli matumba awiri a feteleza, AC mwayatsa chifukwa cha dzuwa la Okutobala. Pamenepo Premio ya 1.5 imangolira, liwiro osaoneka, petulo akupita. Axio nayo imamva, koma imapepukako.

Ubwino wa Premio ndi malo. Kuchokera pa tayala lakutsogolo kufika lakumbuyo imaposa Axio ndi masentimita 10, moti okhala kumbuyo amatambasula miyendo bwinobwino. Ngati anawo ndi akuluakulu kale, funani Premio ya 1.8, mungovomereza kuti mafuta idzamwa ochulukirapo.

Chimene chimandimvetsa chisoni kwambiri ndi giyabokosi. Ma Axio oyambira 2006 ndi ma Premio oyambira 2007 ambiri ali ndi giyabokosi ya otomatiki ya mtundu wa CVT, ndipo CVT ili ndi oyilo wakewake. Amakaniko ena amangothira ATF, oyilo wa giyabokosi ya otomatiki wamba, eni galimoto osadziwa, kenako kutentha kwathu kuno n'kumalizitsa. Musanapereke ndalama, yendetsani galimotoyo mpaka itenthe, muime pokwera, munyamuke pang'onopang'ono. Ikanjenjemera kapena kulira ngati likhweru, isiyeni, ngakhale penti yake ikuwala bwanji. Muonenso rediyeta ndi fani ngati zili bwino.

Galimoto zonse ziwirizi ndi zotsika pansi. Mchenga wa kunyanja kapena matope a nthawi ya dzinja si malo ake. Masipeya musade nawo nkhawa: Toyota anasiya kupanga Premio mu 2021, komabe ku Limbe ndi ku Lilongwe amapezeka, ndipo a injini ya 1NZ ngosasowa chifukwa ili m'galimoto zambiri. Pokaona galimotoyo mutenge makaniko wanu, osati wa wogulitsa.