Tilipire ndalama kuti tikaone bwinja?

Sabata yathayi ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Coventry, kuno ku England. Ndiyidula kuti isatalike. Ali ndi ana atatu, wa zaka 5, wa 9 ndi wa 13, ndipo apongozi awo abwera kuchokera kumudzi kudzacheza miyezi itatu. Sukulu atsekera, m'nyumba mwachepa. Mnzawo wa kuntchito wawauza kuti apite ku Kenilworth Castle, koma atayang'ana zithunzi apeza kuti ndi chinyumba chopanda denga. Bambo a m'nyumbamo angoseka, amvekere: "Ndiye tilipire ndalama kuti tikaone bwinja? Kwathu mabwinja anatha?" Mayiwa akufunsa ngati n'koyenera kupitako, ngati ana sakatopa nako, komanso ngati agogo a mawondo ovutawo akakwanitse.

Mayi, pitani. Koma bambowo musawatsutse kwambiri, chifukwa sananame. Ndi bwinja ndithu. Ife tinakula tikudziwa kuti pabwinja pamamera bonongwe ndi maungu ongodzimerera, ukadutsapo umafulumira, sukhalapo pansi n'kumasula kamba. Ndiye munthu akamva kuti pakhomo pa bwinja pali wogulitsa matikiti, sangalephere kuseka.

Ineyo ulendo wanga woyamba unandikanika, ndipo wolakwa ndinali ine ndemwe. Ndinangonyamula ana, tinalowa, tinazungulira makoma, tinajambulitsa. Ola lisanathe wamng'ono anayamba kufunsa za tchipisi, wamkulu maso ali pa foni. Miyala siyankhula. Ukafika wopanda nkhani, umangoona miyala yofiira younjikizana, basi. Ulendo wachiwiri ndinakonzeka: nkhani ya malowo ndinayamba kuwasimbira tili m'sitima, ndipo tsiku limenelo ndi ine amene ndinachita kuwachonderera kuti tizipita kwada. Choncho chachikulu chimene munyamule si chakudya ayi, ndi nthano. Ndikupatsani ziwiri zimene zinagwira ana anga, zinazo mudzawerenga pa zikwangwani.

Yoyamba ndi ya nkhondo, ndipo imayambira pa njira yolowera. Mukachoka poimika magalimoto mumayenda pa kamtunda kotalika kolunjika ku chipata. Anthu ambiri amangodutsapo osadziwa kuti akuponda pa khoma la damu. Linga limeneli analiyamba ndi Geoffrey de Clinton m'zaka za m'ma 1120, munthu amene ankasunga chuma cha mfumu Henry I. Patapita zaka pafupifupi 90, mfumu John inalikuza n'kukweza damulo, madzi a timitsinje tiwiri n'kusefukira mpaka kukhala nyanja ya maekala pafupifupi 100. Ndiye mukaima pamenepo, auzeni ana ayang'ane dambo lobiriwira lili kumanzere kwawo, muwauze kuti ponsepo panali madzi okhaokha. Mdani sankatha kufika pakhoma ndi makwerero, kapena kukumba pansi kuti aligwetse.

Mu 1266 madziwo anaonetsa ntchito yake. Simon de Montfort, amene anaukira mfumu Henry III, anali ataphedwa pa nkhondo ya ku Evesham chaka cha 1265, koma omutsatira oposa 1,000 anadzitsekera mu lingali n'kukana kugonja. Mfumu inabwera ndi gulu lake mu June, n'kuzinga malo onse. Anaponyerana miyala ndi makina amitengo, mbali zonse ziwiri. Mu 2024 anthu okonza njira pamalopo anafukula ina mwa miyala imeneyo, waukulu wake wolemera makilogalamu oposa 100. Apongozi anu muwauze kuti ndi matumba awiri achimanga akuuluka m'mwamba, amva msanga. Mfumu inafika poitanitsa mabwato kuchokera ku Chester kuti ilowere pamadzi, osaphula kanthu. Miyezi isanu ndi umodzi inatha. Chimene chinatsegula chipata mu December si mkondo ayi, koma njala ndi matenda. Ana anga atamva zimenezi anagawana okha, wina wa mfumu wina woukira, ndipo anathamangitsana pa kapinga mpaka thukuta, ine nditakhala phee ndi tiyi wanga.

Mukalowa, yambani ndi nsanja yaikulu ya Clinton, imene makoma ake ndi ochindikala kuposa mamita 4. Muuzeni wa zaka 9 uja ayese ndi mapazi kuchindikala kwake pa zenera, aone kuti chipinda chake cha ku Coventry chingalowe m'kati mwa khoma lokhalo. Kenako adzakufunsani yekha kuti nanga mbali imodzi inapita kuti. Apa ndi pamene yankho la bambo aja lagona. Bwinja ili silinagwe ndi mvula kapena chiswe. Analigwetsa dala. Itatha nkhondo ya pachiweniweni ya pakati pa mfumu Charles I ndi Nyumba ya Malamulo, opambanawo analamula mu 1649 kuti lingali aliwononge, kuopa kuti wina angadzabisalemonso n'kuyambitsa chipolowe. Anagumula khoma la kumpoto la nsanjayo, anaboola damu, nyanja ija n'kuphwa. Msilikali amene anayang'anira ntchitoyo, Joseph Hawkesworth, anadzisungira nyumba ya pachipata n'kuisandutsa yake yogonamo. Ndi chifukwa chake nyumba imeneyo ili ndi denga mpaka lero pamene zinzake zambiri zili yasa. Wogawa nyama saiwala mbale yake.

Malo amene ine ndimawakonda koposa ndi holo yaikulu imene John of Gaunt, mwana wa mfumu Edward III, anamanga m'zaka za m'ma 1370. Denga kulibe, ngakhale pansi pamene ankapondapo panagwa, ndiye umaima m'chipinda chosungiramo katundu cha kunsi n'kumayang'ana kumwamba. Mazenera ake ndi ataliatali ngati a tchalitchi, ndipo malo osonkhapo moto ali lende pakati pa khoma, pamene munthu sangafike. Mwana wanga wamkazi anaima nthawi yaitali akudabwa kuti ankawotha bwanji moto uli m'mwamba choncho, mpaka anazindikira yekha kuti pansi pake ndi pamene panachoka. Ndinasangalala kuti sindinamuuze. Mukaonetsetsa pa miyala yofewayo mupezanso maina ndi zaka zimene alendo akalekale anagoba ndi timipeni. Achenjezeni anu kuti aja anachita kale, lero n'zoletsedwa.

Wa zaka 13 ndi amene amavuta, ndikudziwa. Msinkhu umenewo chilichonse n'chobowa. Wanga ndinamukola pomuuza kuti nthawi imene holo iyi inkamangidwa, ku Great Zimbabwe makoma aakulu amiyala, osanjidwa popanda matope omatira, anali ataima kale ndipo anthu anali m'kati mwake akuchita malonda a golide. Anakana, anafufuza pa foni, anapeza kuti n'zoona, ndipo kuyambira pamenepo anayamba kufunsa mafunso. Ana obadwira kuno amaphunzira za mafumu a ku England kusukulu, ndipo n'kosavuta kuti aziganiza kuti kumanga ndi miyala kunali kwa azungu okha.

Nthano yachiwiri ndi ya chibwenzi, ndipo iyi musungireni agogo. Mu 1563 mfumukazi Elizabeth I inapereka lingali kwa Robert Dudley, mnzake wa kuubwana amene anthu onse ankadziwa kuti akufuna banja. Dudley sanaumire. Anamanga nyumba yatsopano yosanja ya mazenera aakulu agalasi yoti mfumukazi izifikiramo, anamanga chipata chatsopano, analima dimba lamaluwa la iyo yokha. Mu July 1575 Elizabeth anabwera ndi chinamtindi cha anthu ake n'kukhala masiku 19, kuli madyerero, magule, kusaka nyama, masewero a panyanja ndi makombola owala usiku. Atatha masikuwo anatsanzika n'kumapita. Sanabwerenso ku Kenilworth, ndipo sanakwatiwe ndi wina aliyense mpaka imfa yake. Mayi anga, amene ndinapita nawo ulendo wachitatu, anamvetsera nkhani yonse atakhala pa benchi, kenako anaomba m'manja kamodzi: "Chikole chonsechi, mkazi n'kukana?" Anaiseka nkhaniyi mpaka kunyumba, ndipo atabwerera kumudzi anakaisimbira anzawo a kumvano.

Dimba lija analikonzanso mu 2009 potsata kalata ya munthu amene analiona ndi maso mu 1575. Lili ndi kasupe wamwala woyera pakati, khola lalikulu la mbalame, ndi maluwa onunkhira. Ndi pamalo abwino oti apongozi anu apumirepo. Kunena zoona, mbali zina sakafikako. Mu nyumba ya mfumukazi ija anaikamo masitepe mu 2014 okwera mamita 18, kufika pamene panali zipinda zake zogona, ndipo kumwambako kumaoneka dera lonse limene linali nyanja. Ana akwere ndi bambo awo, wa zaka 5 agwidwe dzanja. Agogo asakakamizidwe. Pali kapinga wotsetsereka ndi njira zamiyala, ndiye muziyenda nawo pang'onopang'ono, muwasiye m'dimba kapena m'khola lakale la mahatchi limene lero amagulitsiramo tiyi ndi makeke. Mvula ikagwa, mumathawira momwemo kapena m'nyumba ya pachipata ija, mmene muli zipinda zokhala ndi mipando ndi mabedi akale.

Za ndalama sindilemba mitengo pano chifukwa imasinthasintha. Malowa amayang'anira ndi a English Heritage kuyambira 1984. Gulani matikiti pa intaneti tsiku lisanafike, amatsikirako kusiyana ndi kugula pakhomo, ndipo onaninso masiku otsegula chifukwa nyengo yozizira satsegula tsiku lililonse. Ngati mukuona kuti chaka chino mupitanso malo ena otere, werengerani za umembala wa pachaka: wamkulu mmodzi amene ndi membala amalowa ndi ana mpaka 6 osawalipirira. Kwa inu a ana atatu, masamu ake sachedwa kukomera inu. Chakudya nyamulani chanu. Palibe amene angakuyang'aneni ndi diso loipa mukayala chitenje pa kapinga n'kutsegula bakuli la mpunga wa nkhuku ndi mandasi, azungu nawonso amakhala ali ndi masangweji awo pompo.

Kuchokera ku Coventry si patali, pagalimoto ndi mphindi 20 kapena kucheperapo. Mabasi aliponso, ndipo siteshoni ya sitima ya Kenilworth anaitsegulanso mu 2018 pa njanji yopita ku Leamington Spa. Kungoti kuchoka pa siteshoni kufika ku linga ndi kamtunda ndithu, koposa kilomita imodzi, ndiye ndi agogo ndi bwino galimoto kapena takisi.

Wina akuuzani kuti bwanji osangopita ku Warwick Castle, poti ili pafupi pomwepo ndipo denga lake lilipo. Kumenekonso n'kosangalatsa, kuli zionetsero zambiri zokonzera ana. Koma n'kodula, kumadzaza anthu, ndipo mwana amangoima pamzere kudikira kuti amusangalatse. Ku Kenilworth amathamanga, amakwera, amadzipekera yekha masewera. Kwa ana amene atsekeredwa m'nyumba sabata ziwiri, ine ndingasankhe kumeneku. Maola atatu kapena anayi akwana. Mphamvu zikatsalako, tsikirani ku Abbey Fields, paki yaulere imene ili chapafupi, kuli makatungwe, kanyanja ka abakha ndi zotsalira za nyumba ya ansembe imene Clinton yemwe uja anayambitsa.

Majekete musasiye ngakhale kutacha ndi dzuwa, chifukwa mphepo ya pamwamba pa makoma aja imalowa m'mafupa, makamaka kwa munthu amene wangochoka ku Malawi. Ndipo ana asavale nsapato za kutchalitchi. Ine ndinalakwitsa zimenezo kamodzi, dothi lofiira la kumeneko linakanirira pa nsapato zoyera za mwana wanga mpaka zinamuchepera. Mukapita mundilembere, ndikufuna ndimve zimene apongozi anu akanene za Dudley.