Levi ya misewu ndi paki, tivomere kapena tikane? Yankho kwa mayi a ku Mufakose

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi ena a ku Mufakose, lokeshoni ya mu Harare, anzathu omwe makolo awo anabwera kuno ku Zimbabwe kudzagwira ntchito nthawi ya Federation. Akuti pa msonkhano wa mu wodi yawo panatuluka maganizo oti pa bilu ya khonsolo pawonjezedwe ka levi, kamsonkho kapadera, kokonzera misewu yam'kati komanso kusandutsa bwalo lomwe ana amasewerapo kukhala paki yeniyeni. Funso lawo ndi ili: "Ine ma rates ndimalipira kale mwezi ndi mwezi koma msewu wathu ndi maenje okhaokha, ndiye tivomere bwanji ndalama ina? Nanga paki ndi ya chani pomwe madzi pampopi satuluka?"

Mayi, zikomo pondilembera, ndipo mkwiyo wanuwo ndaumva, si wanu nokha ayi, mu kombi, ku tchalitchi, pa maliro, paliponse pomwe anthu a m'malokeshoni akumana nkhani imakhala yomweyi. Maganizo anga ndi oti levi payokha si mdani wathu, ine nditha kuivomera, koma osati chimbulimbuli musanadziwe kuti ndalamayo ikagona mu akaunti iti komanso kuti inu amene mwalipira mudzaiwerengera liti ndi maso anu.

Tiyambe ndi chomwe chinapha misewu yathu chifukwa anthu ambiri amangoti ma rates ma rates osadziwa kuti ndalama ya msewu siimayenda njira imeneyo yokha. Kale khonsolo ya Harare inkatolera yokha ndalama za malaisensi a galimoto n'kumakonzera misewu ya mu mzinda, kenako ntchito yotolerayo inapita ku ZINARA, nthambi ya boma yoyang'anira thumba la ndalama za misewu, yomwe imalandiranso ndalama za ma tollgate omwe anayamba mu 2009, ndiye masiku ano khonsolo imadikira kuti ZINARA iigawire, ndipo chaka ndi chaka mumamva a ku Town House, likulu la khonsolo, akudandaula kuti zomwe apatsidwa ndi zochepa kuyerekeza ndi magalimoto omwe adzaza mu Harare muno, a ZINARA nawo akuyankha kuti khonsolo siipereka malisiti a momwe yagwiritsira zomwe inapatsidwa kale. Pakati pa kukanganako ndi pomwe pali inu ndi msewu wanu. Palinso ya devolution, yopereka mphamvu ndi ndalama ku madera, malamulo aakulu a dziko a 2013 amati pa ndalama zomwe boma latolera, zosachepera 5 peresenti zizipita ku zigawo ndi makhonsolo, koma kufika kwake n'kwa apo ndi apo.

Mu February 2021 boma linalengeza kuti misewu ya dziko lino ili pa ngozi, n'kuyambitsa ntchito yokonza mwadzidzidzi ija ya ERRP. Misewu ikuluikulu ina inakonzedwadi, makamaka msonkhano wa SADC wa August 2024 utayandikira, pa mphambano ya Mbudzi pomwe tinkathera maola pa mzere pano pali interchange, misewu yodutsana pamwamba ndi pansi. Zabwino. Koma kamsewu kolowera pa geti panu sikali pa mndandanda umenewo ndipo sikadzakhalapo msanga, kameneko ndi ka khonsolo, n'chifukwa chake nkhani ya levi imangobwerabwera.

Tsono chifukwa chomwe inu simukukhulupirira, ndi chomveka ndipo chili ndi mbiri yake. Mu July 2013 chisankho chitayandikira nduna ya maboma aang'ono ya nthawiyo, a Ignatius Chombo, inalamula makhonsolo kuti afufute ngongole za anthu, amene ankalipira mokhulupirika anaona ngati apusitsidwa, ena mpaka lero anasiya kulipira podikira kuti mwina zidzafufutidwanso. Mu 2019 khonsolo inasiya sisitimu ya makompyuta yolembera mabilu ija ya BIQ, kuchokera apo mabilu ongoyerekeza, munthu walipira koma bilu ikubwerabe ndi ngongole, ofufuza mabuku akudandaula kuti sakutha kulondoloza ndalama. Mpaka mu May 2024 pulezidenti anakhazikitsa komiti yofufuza kayendetsedwe ka khonsoloyi motsogozedwa ndi jaji wopuma a Maphios Cheda, ndipo zomwe zinkatuluka m'manyuzipepala nthawi ya kufunsa mboni tonse tinaziwerenga. Pamwamba pa zonsezi mu 2025 pa mabilu panabweranso ma levi ena, a madzi, a magetsi a mumsewu, a ma ambulansi ndi ozimitsa moto. Ndiye munthu akabwera ndi levi inanso, kufunsa kuti zoyamba zija zagula chani si mwano, ndi udindo wanu.

Chinthu china chomwe ambiri sadziwa n'choti ndalama ya chitukuko ya mtunduwu ilipo kale m'malamulo. Munthu akamadula malo aakulu kukhala masitandi omangapo nyumba, lamulo la Regional, Town and Country Planning Act limalola khonsolo kumuuza kuti asiye malo a misewu ndi a ntchito za anthu onse, komanso apereke gawo la mtengo wa masitandiwo ku khonsolo, ija amati endowment. Nzeru yake ndi yabwino kwambiri, amene wabweretsa mabanja atsopano m'dera athandize kulipira msewu, mapaipi ndi bwalo zomwe mabanjawo adzafune, katunduyo asagwere agogo a ku Mbare kapena ku Highfield amene akhala akulipira kuyambira kalekale. Pa msonkhano wanu funsani zimenezi kaye, masitandi onse aja anadulidwa m'malo omwe kale anali opanda kanthu mu wodi yanu, ndalama yake inapita kuti? Abale athu a ku Harare South ndi madera ena atsopano anaphunzira mowawa, ankapereka ma development fee ku makopaletivu a nyumba zaka ndi zaka, lero nyumba zilipo zokongola koma msewu palibe, suweji palibe, mvula ikagwa galimoto amaisiya kutali n'kuyenda wapansi m'matope. Komiti ya jaji Tendai Uchena yomwe inafufuza kagulitsidwe ka malo a boma m'matauni inapereka lipoti lake mu 2019 ndipo inapeza zomwezi, malo agulitsidwa, chitukuko ayi.

Ndiye ine ndikanakhala pa msonkhanowo ndikanati levi ibwere koma ikhale ndi akaunti yakeyake, isasakanikirane ndi ndalama ya malipiro a antchito kapena yogulira magalimoto a mabwana, chifukwa ikangolowa mu thumba limodzi lija basi simudzaionanso. Ikhale ndi tsiku lothera, kaya zaka ziwiri kaya zitatu, osati ya muyaya. Misewu yoti ikonzedwe ilembedwe mayina ake ndi kutalika kwake ntchito isanayambe, ndipo pepala la zomwe zalowa ndi zomwe zatuluka lizimatidwa pa ofesi ya khonsolo ya m'dera lanu pomwe mumalipirira ma rates, aliyense aziwerenga. Ife a mtundu uno zimenezi si zachilendo, ma beriyo sosaiti athu akhala zaka makumi angapo chifukwa msungichuma amatsegula buku pamaso pa onse, ndani wasonkha, bokosi linagulidwa zingati, basi ya ku manda inadya zingati. Ngati amayi okalamba a ku Mabvuku amakwanitsa ndi kope ndi bolopeni, khonsolo ya mzinda waukulu ikhoza. Mabungwe a anthu okhala mu mzinda monga CHRA ndi Harare Residents Trust akhala akulimbikira kwa zaka zambiri kuti gawo la ndalama yotoleredwa mu wodi lizitsala mu wodi momwemo, mfundo yake ndi imeneyi.

Pa misewupo ndikupempheni chinthu chimodzi, musathamangire phula. Chomwe chimadya msewu ndi madzi. Ngalande zikatsekeka ndi zinyalala ndi mchenga, madzi a mvula amaima pa phula, kulowa m'ming'alu, kufewetsa dothi lapansi, kenako lole imodzi yadutsa, dzenje layamba. Onjezerani mapaipi ophulika ndi suweji yosefukira, mudzaona kuti kuthira tiphula m'maenje mwezi wa October n'kutaya ndalama, pofika February zonse zakokoloka. Ndalama yoyamba ipite ku ngalande ndi makalavati, ngakhale msewu utakhala wa gelevulo kwa chaka chimodzi koma wogiredwa bwino madzi akuyenda m'mbali, ndi bwino kusiyana ndi phula lopyapyala lomwe limangokongola tsiku lodula riboni.

Tsopano ya paki ija, apa mayi mundikhululukire, sindikugwirizana nanu kwenikweni. Ndikudziwa kuti munthu wopanda madzi pampopi sangaganize za maluwa, ndipo kolera ya 2018 ku Glen View ndi Budiriro sitinaiwale. Koma paki ya mu lokeshoni si Harare Gardens kapena Africa Unity Square ayi, ndi bwalo lomwe mwana wanu amamenyerapo mpira mmalo mothamangitsana pamsewu ndi mushikashika, timagalimoto tonyamula anthu popanda chilolezo tija, pomwe amayi amasewera netibolo, pomwe gule amatuluka, pomwe achinyamata ali ndi kopita masana mmalo mokakhala pa kona pomwe mankhwala ozunguza bongo awononga ana athu ambiri. Nyumba zathu zambiri m'malokeshoni zili ndi anthu ochita lendi chipinda chilichonse, pabwalo padzadza makoteji, mwana alibe ngakhale podumphira chingwe.

Ndipo chomwe ndimaopa kwambiri ndi ichi, mu Harare bwalo lopanda mpanda, lopanda magolo, lopanda mwini wooneka, silikhalitsa. Lero anthu ataya zinyalala, mawa wina waika ka car park, mkuja mwadzuka mwapeza zikhomo zakhomedwa, akuti ndi masitandi a infill, odulidwa m'mipata yotsala pakati pa nyumba, ndipo nyumba ikamangidwa bwalolo lapita mpaka kalekale, dzenje la mumsewu mutha kulikwirira chaka chamawa koma malo simungawabweze. Ambiri mwa malo otseguka amenewa ndi madambo, amene amamwa madzi a mvula n'kumawatulutsa pang'onopang'ono ku Mukuvisi ndi Marimba mpaka ku Lake Chivero komwe timamwa, komanso kudyetsa zitsime ndi mijigo yomwe tikudalira masiku ano. Dambo la Monavale linapulumuka chifukwa anthu okhala kumeneko analiteteza mpaka linalowa pa mndandanda wa Ramsar, wa madambo ofunika pa dziko lonse lapansi, mu 2013. Ndiye nkhani ya paki ndi nkhani ya madzi anu omwewo. Sizifuna ndalama zambiri, mpanda, magolo awiri, mabenchi, mitengo ya mthunzi, getsi la sola, munthu wotchetcha udzu, komanso chofunika kuposa zonse, kalata yochokera ku khonsolo yotsimikiza kuti pa mapu malowo ndi a anthu onse.

Ena akuuzani kuti ingosiyani kulipira. Ine sindikulangizani choncho, ngongole imakula ndi chiwongoladzanja ndipo amene amadzalandira samoni ndinu, osati amene anakuuzaniyo. Njira ilipo m'lamulo la Urban Councils Act, gawo 219, khonsolo ikafuna kuika kapena kukweza mitengo yotere imayenera kulengeza m'nyuzipepala n'kupereka masiku 30 oti anthu atsutse, ndipo anthu 30 kapena kuposa, ovota kapena ogwiritsa ntchito thandizolo, akalemba kutsutsa, makhansala amakakamizika kukhalanso pansi n'kuvotanso. Anthu 30 ndi mzere umodzi wa nyumba ku Mufakose, kapena amayi a mvano a mpingo umodzi. Aliyense alembe kalata yakeyake yokhala ndi dzina ndi adiresi, mukapereke ku Town House kwa Town Clerk, ina mudinditse chidindo musunge nokha, ndipo m'kalatamo musangoti sitikufuna, lembani kuti tivomera pokhapokha pakhale akaunti yapadera, mndandanda wa misewu, ngalande poyamba, ndi kalata ya bwalo lija. Misonkhano ya bajeti imayamba chakumapeto kwa chaka, funsani khansala wanu tsiku lake panopa, ndipo mukapita mutenge bilu yanu ya miyezi ingapo yapitayi m'manja.