Funsani Azakhali: Bambo wina wasandutsa khonde la golosale yanga chipinda chogona

Azakhali, ine ndili ndi kagolosale pa Nchalo. Ndiye pali bambo wina wachikulire ndithu, miyezi itatu tsopano akumagona pakhonde panga, amabwera ndikangotseka amvekere kuyala makatoni, m'mawa ndimapeza wapinda wanyamuka. Sanandibepo kanthu, koma fungo la mkodzo kuseri kwa shopu makasitomala ayamba kudandaula. Anzanga apamsika akuti ndizithira madzi pakhonde madzulo kapena ndimuitanire apolisi amutole vakabu, ati ndikamupatsa nsima mawa abwera khumi. Amuna anga nawo akuti tsiku lina adzafera pompo milandu idzakhala yathu. Nditani?
Mayi wa golosale, Nchalo

YANKHO
Mwana wanga, kalata yonseyi simunandiuze dzina la bamboyo, ndiye kuti simunamufunsepo eti? Miyezi itatu munthu akugona pachitseko panu! Yambirani pamenepo, mawa mulawirire musanasese, mupatseni moni, mumve kwawo ndi mfumu yake.

Ndikutero chifukwa kuchigwa kwathu kuno kusowa pogona si nkhani yodabwitsa ayi. Amene tinaona madzi a mu January 2015 mtsinje wa Ruo utalowa ku Makhanga, kenako anamondwe Idai 2019, Ana 2022, Freddy mu March 2023, tikudziwa kuti munthu amagona ali ndi nyumba, mbuzi ndi nkhokwe ya mapira, kukacha ali pachulu ndi malaya okhaokha. Makampu akatsekedwa ena amabwerera kumadimba, ena amapatsidwa malo kumtunda, koma alipo amene amangotsalira panjira, abale anamwazikana, kubwera pa Nchalo kusaka ganyu ya nzimbe, ganyu osaoneka, ndalama yobwerera palibe, manyazi nawonso. Sindikunena kuti wanuyo ndi wa chigumula, mwina ndi kachasu, mwina anamuthamangitsa pamudzi pomunamizira ufiti poti okalamba athu zimenezi zikuwachitikira, mwinanso ndi matenda a m'mutu. Koma munthu wopinda makatoni ake bwinobwino m'mawa uliwonse ameneyo mutu ukugwira, amayankhulika.

Za vakabuzo anzanuwo atsalira. Mu January 2017 bwalo lalikulu la milandu linagamula pa mlandu wa Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo amene anamumanga m'bandakucha ku Blantyre, kuti gawo la lamulo la vakabu lomangira munthu pongomukayikira likutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko lino. Kusauka si mlandu. Ndipo olo amutole, mkuja atuluka, abwerera pakhonde pomwepo poti alibe kwina. Zothira madzizo ndiye musayerekeze, ndi udzudzu wa pa Nchalo umene uja munthu alibe neti mukufunanso agone ponyowa?

Komatu amuna anu musawatenge ngati ouma mtima, mantha awo ndi omveka. Nkhaniyi isakhale yanu nokha. Auzeni atcheya a msika ndi amfumu kuti pali munthu wakutiwakuti amagona pano, zidziwike. Mukamva kwawo, ofesi yoona za chisamaliro cha anthu kwa DC ku Chikwawa ntchito yake ndi imeneyi, yofufuza abale, ndipo amipingo ndi kumzikiti akamva nkhani yomveka thiransipoti amasonkha. Ngati akutsokomola kapena ali ndi zilonda, wakabaza mmodzi amufikitse kuchipatala.

Za mkodzozo muuzeni pamaso ngati munthu wamkulu, bambo pano ndi pa bizinesi, chimbudzi cha msika chili apo. Ngati ndi cholipira, kobiri limenelo ndi laling'ono kuposa kasitomala wothawa. Mukafuna mupatseni tsache azisesa pakhonde, inu tiyi ndi chigumu, asamve ngati wopemphetsa. Ndalama m'manja ayi mpaka mutamudziwa bwino. Zoti abwera khumi, miyezi itatu yonseyi wabwera ndi angati?

Mudzandilemberenso mukamva kwawo, mwina ndi wakwathu ku Muona.