Achimwene, -w ameneyo musamuike

Ndapota nanu achimwene, ma warning 300 amene mukuti compiler (pulogalamu yosandutsa code kukhala app) ikukutulutsiraniwo musawabise ndi -w, flag yozimitsa ma warning onse. Ine zinandionekera kuno ku Thyolo.

Ndinalandira app ya Android yoyezera masamba a tiyi a alimi ang'onoang'ono, sikelo imalumikizana ndi foni pa Bluetooth. Library yowerenga sikeloyo ndi ya chilankhulo cha C, kudzera mu JNI (mlatho wolumikiza Java ndi C). Mnyamata amene anailemba anatenga ndalama zake zonse nkupita ku Lilongwe, mu CMakeLists (fayilo ya malangizo a build) atasiyamo -w, build ikutuluka mbee. Pa build ya mafoni a 32-bit inkayenda bwinobwino. Google Play itayamba kufuna 64-bit mu 2019 ndinangopanga build ya arm64 (ya mafoni a 64-bit) nkutumiza, kunyumba ndinalibe sikelo yoyesera.

M'mawa mwake kuli chiperoni, amayi ali pamzere ndi madengu odzadza, lole ikudikira kupita ku fakitale. Kalaliki akangodina batani, app yatseka. Adinenso, yatseka. Masamba ayamba kutentha m'matumba, dalaivala akuliza hutala. Mayi wina anandiyang'ana nkuti, "Mwana wanga, makilo angawa alowa m'foni mwakomo kapena athawa?" Tinalemba m'kope titatsamiritsa pabondo, inki ikusungunuka ndi mvula, ine manja akunjenjemera, logcat (log ya Android) ikungoti SIGSEGV, kutanthauza kuti app yagwira memory yolakwika.

Usiku ndinachotsa -w nkuika -Wall, yoyatsa ma warning ambiri. Ma warning anakhuthuka ngati ngumbi, pakati pawo pali implicit declaration of function. Header imodzi (fayilo youza compiler mmene function ilili) mnyamata uja sanaiike, ndiye compiler inkatenga ngati function ikubweza int (nambala ya 32-bit) pomwe ikubweza pointer (adiresi ya mu memory). Pa arm64 pointer ndi ya 64-bit, theka linkadulidwa. Kamzere kamodzi ka #include! Ndimuimbire foni mnyamatayo, akuti kwake zinkayenda. Mpaka lero nambala yake sindinaifufute, ndimangoiyang'ana.

Ndiye ikani -Werror=implicit-function-declaration lero lomwe kuti warning imeneyi iziimitsa build, ndipo ma compiler a Clang 16 ndi GCC 14 amakana kale zimenezi. Kenako konzani ma warning a -Wformat (oona zolembedwa mu printf) ndi a ma variable osapatsidwa mtengo poyamba. Musamathire cast (kukakamiza mtundu wa data) pongofuna kuti compiler itseke pakamwa.

Koma musalimbanenso ndi ma warning onse sabata imodzi, -Wconversion (yochenjeza mtundu wa nambala ukasintha) ikupengetsani. Ma unused parameter ine ndinawasiya. Ma header a eni sikelo ndinawaika ngati SYSTEM include kuti asamandisokose, ndipo kunena zoona fayilo yawo imodzi ikadali ndi -w mpaka pano, ndimaopa kuigwira.