Tifunseni za Kapinga ndi Maluwa: Abwana akufuna kapinga wobiriwira mu Okutobala

FUNSO: Zikomo achimwene, ine ndili ndi kagulu ka anyamata timakonza panja pa nyumba za anthu ndi maofesi, kubzala maluwa, kutchetcha kapinga ndi zina zotero, makasitomala athu ambiri ndi a ku Namiwawa, Nyambadwe ndi Sunnyside. Vuto ndi loti aliyense akufuna kapinga wobiriwira chaka chonse olo mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo, nde timathirira tsiku ndi tsiku, bilu ya madzi ikabwera amakalipira ife tomwe. Mvula ikayambanso dothi pa mapoloti otsetsereka limangokokoloka. Ndipange bwanji kuti ntchito izioneka bwino koma osawononga? Wowerenga wa ku Chilomoni.

YANKHO: Achimwene, muyambe ndi kuwauza abwanawo komwe madzi akuthira pa kapingawo amachokera. Madzi ambiri a Blantyre Water Board amapopedwa mu Shire ku Walker's Ferry, makilomita pafupifupi 40 kuchokera mtauni muno, ndipo amachita kukwezedwa phiri ndi magetsi, athiridwe mankhwala kuti anthu amwe, kenako ife tikuwamwaza pa udzu masana dzuwa lili pamutu pomwe ku Ndirande ndi ku Bangwe amayi akudikira pampopi ndi zigubu. Ine zimenezi zimandipweteka ndithu. Koma kasitomala musakamulalikire ayi, mupempheni akuonetseni bilu ya Seputembala ndi Okutobala, mumuuze kuti mutha kuitsitsa. Pamenepo amamvetsera.

Kapinga wathu uyu safa wamba. Akauma nthawi ya dzuwa amangogona, mizu ili moyo pansi, mvula ya Novembala kapena Disembala ikangogwa kawiri wadzuka. Nde pa poloti musankhe kachigawo kamodzi komwe ana amasewera kapena komwe alendo amaona akalowa pageti, kameneko ndi komwe muzithirira, kwinako kusiyeni kupume. Kuthirirako kukhale mmamawa dzuwa lisanatuluke, kawiri pa sabata koma madzi alowe pansi bwinobwino, osati kungowaza pamwamba tsiku lililonse chifukwa mukatero mizu imakhala pamwamba pomwepo, mpopi ukauma masiku atatu kapinga yense wapsa. Anyamata anu asiyenso kumeta mpala ndi mashini kapena silasha, pa magawo atatu a kutalika kwa udzu azidula limodzi lokha basi, wotsalawo umaphimba nthaka.

Pa nkhani ya kukokoloka mpamene ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa Blantyre ndi mzinda wa mapiri ndipo tonse tinaona zomwe namondwe Freddy anachita mu Malichi 2023 kunsi kwa Soche, ku Chilobwe. Poloti imodzi siingaletse namondwe, zoona, koma taonani masiku ano aliyense akumanga akuwaka simenti kuyambira pageti mpaka kuseli kwa nyumba, madzi alibe polowera, onse amathamangira kwa neba wa kunsi kenako mu Mudi kapena Naperi atanyamula dothi ndi mapepala. Werengani nokha: mvula ya milimita imodzi pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi. Denga la masikweya mita 100 likalandira mvula ya mamilimita 20 usiku umodzi, amenewo ndi malita 2,000, madiramu khumi. Mukamalemba kotesheni muziikamo magata a padenga ndi thanki, ndipo madzi osefukira muwalondolere ku kadzenje kosazama kobzalamo maluwa okonda chinyezi, kakhale patali ndi maziko a nyumba komanso ndi thanki ya chimbudzi. Poimika galimoto, m'malo mwa simenti yokhayokha yalani miyala kapena ma pavers osiya mipata.

Pamalo otsetsereka bzalani vetiva mopingasa chitunda, muyeze mzere ndi kachingwe ndi levulo monga amachitira alangizi pa akalozera kumunda, mapando ake moyandikana masentimita 10 mpaka 15 kuti akakula atsekane. Mizu ya vetiva imalowa pansi mowongoka mamita awiri kapena atatu, siyanga kulowa m'maluwa, ndipo mukamaidula bwino imaoneka ngati hedge yokongola ndithu, masamba odulawo mwapeza chophimbira nthaka.

Ndipo chonde, siyani kusesa mpaka nthaka kuoneka mbee kenako nkuotcha masamba pakona ya fensi. Masamba a jakaranda ndi mango amenewo ndi manyowa aulere. Ena yalani pansi pa maluwa ndi mitengo, mulu wokhuthala ngati zala zinayi koma osakhudza tsinde, enawo unjikani kuseli posaoneka, sakanizani ndi udzu wotchetcha ndi ndowe, muziwaza madzi ndi kutembenuza, pakatha miyezi ingapo feteleza wogula simumufunanso kwenikweni.

Mitengo nayo tisamangotengera kuti neba wabzala chani. Bulugamu amamwa madzi kwambiri, pafupi ndi chitsime kapena khoma ayi. Lantana amaoneka bwino pa mpanda koma mbalame zimamwaza njere zake nkukadzaza m'tchire kupha zomera zathu, ameneyo muzuleni. Pa poloti yaikulu ngati ya sukulu kapena tchalitchi ikani mbawa kapena mkuyu kutali ndi nyumba poti imakula zedi, pa yaing'ono mitengo ya zipatso ndi ma aloe omwe safuna kheni tsiku lililonse. Bzalani mvula itakhazikika, nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, koma ine ndimati pofika Febuluwale mukhale mutamaliza kuti mizu igwire.

FUNSO: Bambo, ndili ndi nazale ya maluwa ku Chigumula, nsabwe zandivuta pa ma rose, ndipopere chani? Ena akundiuza mankhwala a m'botolo osalemba dzina omwe amagulitsa pamsika.

YANKHO: Mayi, a m'botolo osalemba dzinawo musagule, simudziwa muli chani ndipo opoperayo ndi amene amayamba kudwala. Yambani ndi kutsuka nsabwezo ndi madzi a sopo pang'ono, kapena sinjani masamba a nimu muwaviike usiku wonse, sefani nkupopera madzulo njuchi zitachoka, muonetsetse kunsi kwa masamba kwanyowa poti nkomwe zimabisala, mubwereze pakatha sabata. Muchepetsenso feteleza wa Urea, nsonga zanthete zomwe amatulutsa ndi zomwe nsabwe zimathamangira. Zikakanika gulani mankhwala ovomerezeka ndi a Pesticides Control Board mu shopu yodziwika, okhala ndi lebulo, mutsatire mlingo wake, wopopera avale magolovesi ndi chotseka pakamwa ndi mphuno, ndipo sipuleya musakatsukire mu ngalande kapena kumtsinje.